Ngowe ya lamba ya ku China: mugule kapena ayi?

Mayi wina wanditumizira imelo. Waona pa intaneti ngowe ya lamba yamkuwa, akuti ndi ya ku China ya nthawi ya mafumu a Han (zaka pafupifupi 2,000 zapitazo), mtengo wake wotsika modabwitsa, ndiye akufuna kugulira amuna awo. Mayi, mwandikumbutsa zambiri.

Malume anga anali ndi lamba mmodzi yekha wachikopa. Loweruka madzulo ankakhala pakhonde n'kumapukuta chitsulo chake ndi phulusa ndi kansanza mpaka chichite kung'anima. Nsapato zinali zoyasama, koma malaya ankapisira bwinobwino kuti kutchalitchi aliyense achione. Ife ana tinkaseka chamumtima. Lero ndimawaikira kumbuyo, ndipo aliyense wonena kuti kunali kudzionetsera chabe sindigwirizana naye ngakhale pang'ono.

Akuluakulu a ku China ankachitanso zomwezo, kungoti iwo anali ndi golide. Ngoweyo amaitcha daigou. Mbali imodzi imapindika, kawirikawiri yosemedwa ngati mutu wa mbalame kapena chinjoka. Kumsana kwake kuli kabatani kolowa m'chiboo cha chikopa, ndipo kopindikako kamakola mbali inayo ya lamba. Zinatchuka zedi pakati pa 475 ndi 221 Yesu asanabadwe, maufumu akumenyana okhaokha, n'kupitirira mpaka nthawi ya Han. Olemera ankazikongoletsa ndi golide, siliva ndi mwala wa jade.

Imodzi inapulumutsa mfumu. Cha m'ma 685 Yesu asanabadwe, Xiaobai ndi m'bale wake ankathamangitsana kukalowa ufumu wa dziko la Qi, ndipo Guan Zhong, mlangizi wa m'bale wakeyo, analasa Xiaobai. Muvi unamenya ngowe ya lamba. Xiaobai ananamizira kufa, nafika msanga n'kukhala mfumu Huan. Wolasa uja anamupha? Ayi ndithu, anamusandutsa nduna yake yaikulu! Atsogoleri angati angachite zimenezo?

Zenizeni zambiri zimachokera m'manda. Mwachitsanzo, m'manda a mfumu Zhao Mo ya Nanyue, amene anapezeka mumzinda wa Guangzhou kumwera kwa China mu 1983, munali ngowe zambiri, zina zagolide.

Nanga mugule?

Zabodza zachuluka, ndipo dzimbiri lobiriwira amachita kupaka. China imaletsanso kutulutsa kunja zinthu zakale zopangidwa chisanafike chaka cha 1911. Wogulitsayo akalephera kukuonetsani mapepala a kumene inachokera ndi amene anaisungapo, ilipireni mtengo wa chinthu chatsopano, kapena muisiye.