Mawekishopu a zolemba ku nyumba ya a Brontë ku Haworth

Achemwali, mwafunsa ngati ku miziyamu ya a Brontë ku Haworth, m'dziko la England, amaphunzitsanso kulemba kapena nkongoona zinthu zakale basi. Amaphunzitsa ndithu, kumakhala mawekishopu a ana asukulu ngakhale akuluakulu, nthawi zina olemba mabuku amabwera kudzaphunzitsa ndakatulo ndi nthano koma masiku amasinthasintha ndiye muyambe mwaona pa webusaiti yawo mubukitsiretu. Banja la a Brontë, komwe kunachokera alembi otchuka a mabuku, Charlotte ndi abale ake, linafika mnyumbamo mu 1820, nyumbayo inadzakhala miziyamu mu 1928. Mwana wanuyo musalephere kumuonetsa timabuku tomwe Charlotte ankasoka yekha ali mwana, tating'ono ngati bokosi la machesi, tizilembo take towerenga motsinzinira, ndi tebulo lomwe ankalizungulira usiku ndi abale ake akuwerengerana zomwe alemba. Ana amatengeka nazo heve zimenezi. Basi mukwerera ku Keighley, tawuni yapafupi ndi Haworth, ndipo muvale zotentha, kumtundako kumazizira.