Mfuti ya .303 imene bambo anasiya pamwamba pa wadiropu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Mulanje. Bambo awo owabereka anamwalira chaka chatha, ndipo pokonza m'chipinda cha malemuwo anapeza mfuti yokulungidwa m'bulangete pamwamba pa wadiropu. Kubanja kwawo amanena kuti mfutiyo anabwera nayo ndi agogo awo pochokera ku Burma, kumene anakamenya nkhondo yachiwiri yadziko lonse ali msilikali wa KAR (King's African Rifles), gulu la asilikali a mu Africa a boma la Britain. Ananditumizira zithunzi zinayi zoonetsa zidindo za pachitsulo, n'kufunsa zinthu zitatu: ndi mfuti yanji, nkhani ya agogoyi ndi yoona kodi, nanga ataigulitsa angapeze zingati.

Bambo, pepani ndi malirowo. Musanaigwirenso mfutiyo, ilozetseni pansi, chotsani magazini (kabokosi kosungira zipolopolo), kokani bolt (chitsulo chokhala ndi chogwirira chimene chimakankhira chipolopolo mumpope) mpaka kumbuyo, muyang'ane ndi maso anu m'malo molowa chipolopolo. Mfuti imene yakhala zaka zambiri m'bulangete ikhoza kukhala ndi chipolopolo m'kati, ndipo amene akanatiuza zoona zake ndi omwe anatisiyawo.

Mfuti yanu ndi Lee-Enfield, yomwe kuno timangoti .303. Dzinali ndi la pawiri: Lee ndi James Paris Lee amene anakonza bolt ndi magazini yake, Enfield ndi fakitale ya boma la Britain imene inali kumpoto kwa London. Pachithunzi chachiwiri mwajambula chitsulo chimene chazungulira pogwirira, pamene thabwa lotsamira paphewa lalumikizana ndi mfuti. Pamenepo ndi pamene pali mbiri yake yobadwira. Pamwamba pali chisoti chachifumu, m'munsi mwake G.R., kenako B.S.A. Co., 1918, Sht L.E., ndi III yokhala ndi kanyenyezi. G.R. ndi mfumu George V. B.S.A. ndi Birmingham Small Arms, kampani yomwe ija ya njinga zakapalasa ndi zamoto. Sht L.E. akutanthauza Lee-Enfield yaifupi, imene asilikali ankaitchula kuti SMLE. III akuimira mtundu wa Mk III, umene unayamba mu 1907, koma nkhondo yoyamba yadziko lonse itafika pachimake anaona kuti ukuchedwa kupanga, choncho cha mu 1916 anachotsako tizida tina, monga kachitsulo kotsekera magazini ndi zoyezera mtunda wautali za m'mbali. Kanyenyeziko ndi chizindikiro cha mtundu wopepukitsidwawo. Magazini yake imalowa zipolopolo 10.

Ena owerenga ali ndi .303 imene sikufanana ndi iyi. Ikakhala kuti poyang'anira pakumbuyo ndi kabowo kamene kali pafupi ndi diso, osati pakati pa mpope, imeneyo ndi No. 4, imene inayamba kuchuluka mu 1941, ndipo zidindo zake zili kumanzere. Zina zimalembedwa Long Branch, za ku Canada, zina U.S. PROPERTY, zopangidwa ndi Savage ku America. Pa mtundu wa SMLE, za Lithgow ndi za ku Australia, za Ishapore ndi za ku India. Chenjerani ndi Ishapore 2A ndi 2A1: zimaoneka ngati SMLE ndithu koma chipolopolo chake ndi 7.62, osati .303.

Tsono nkhani ya agogo. Ndailingalira kwambiri chifukwa ndikudziwa kuti ndi imene ili pamtima panu kuposa mtengo. Ndi zoona kuti asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles anamenya nkhondo ku Burma mu 1944, ndipo ndi zoonanso kuti mfuti ya SMLE ankaigwiritsa ntchito. Mfuti yopangidwa mu 1918 ikanathanso kukhala ikugwirabe ntchito nthawi imeneyo, pakuti zambiri zinatumikira nkhondo zonse ziwiri. Koma mfuti inali katundu wa boma, n'chifukwa chake mumaona kachidindo konga mutu wa muvi apa ndi apo pachitsulo, ndipo msilikali ankaibweza pomasulidwa.

Chimene chandiuza zambiri ndi chithunzi chanu chachinayi, cha pampope. Pali chisoti ndi zilembo BNP, kenako .303, 2.222 ndi 18.5 TONS. Chimenecho si chidindo cha asilikali. Ndi cha nyumba yoyesera mfuti ya ku Birmingham, kumene mfuti imayenera kuyesedwa isanagulitsidwe kwa anthu wamba, ndipo kalembedwe kotereka kanayamba cha mu 1955. Ndiye kuti mfuti yanu inali ku England patapita zaka khumi kapena kuposerapo nkhondo itatha, inayesedwa kumeneko, n'kugulitsidwa, kenako n'kubwera kuno. Sikanatheka kubwera m'chikwama cha agogo pochokera ku Burma. Chimene ndikuona ine n'chakuti agogo, kapena bambo anu, anaigula pambuyo pake kapena anapatsidwa ndi wina wa kumaesiteti, ndipo munthu amene anagwira mfuti ya mtundu umenewu kunkhondo sakanasankha ina. Usilikali wa agogowo chidindochi sichikuutsutsa ngakhale pang'ono. Ngati mamendulo awo kapena kabuku kawo ka usilikali kakadalipo kumudzi, kasungeni bwino, chifukwa umboni weniweni uli mmenemo.

Pa za mtengo, sindikupatsani nambala ya makwacha kuchokera pa zithunzi zokha, koma ndikuuzani zimene wogula wodziwa amayang'ana, ndipo muona nokha pamene mfuti yanu yaima.

Mfuti za Lee-Enfield zinapangidwa pafupifupi 17 miliyoni, kotero ukalamba wokha suipatsa mtengo. Anthu amene amatolera mfuti zakale amafuna imene ili monga inatulukira kufakitale. SMLE yeniyeni thabwa lake limafika mpaka kukamwa kwa mpope, ndipo kumapetoko kuli chitsulo chonenepa chokhala ngati mphuno yaphwatalala, pomwe pamalowa chimpeni. Yanuyi thabwalo linadulidwa pakati, mpope uli pamtunda, chitsulo cha kumphuno palibe. Alenje ambiri ankachita zimenezi kuti mfuti ipepuke m'tchire, ndipo makampani ena ku Britain, monga Parker-Hale, ankazidula choncho asanazigulitse. Kwa mlenje inali nzeru, koma kwa wotolera mfuti mtengo umagwa kwambiri. Ngati mpope wokhawo sunadulidwe, uyenera kukhala mainchesi 25 ndi kachidutswa, ndipo yotere ikhoza kubwezeretsedwa thabwa, ngakhale ndalama zake nthawi zambiri zimafanana ndi zogulira ina yathunthu.

Chachiwiri ndi manambala. Nambala imene ili pathupi la mfuti iyenera kufanana ndi ya kumbuyo kwa chogwirira cha bolt ndiponso ya pampope. Mwandiuza kuti ya pa bolt ndi yosiyana. Izi zimatsitsa mtengo, koma chachikulu ndi chitetezo. Bolt iliyonse inkayezedwa pa mfuti yake kuti mpata wa pakati pa mutu wake ndi tsinde la chipolopolo ukhale woyenera. Mpatawo ukakula, chikopa cha chipolopolo chikhoza kung'ambika mpweya wamoto n'kubwerera kumaso. Katswiri wokonza mfuti ali ndi tizitsulo toyezera mpatawu. Asanaiyeze, musaiwombe. Muyang'anenso paliponse ngati pali zilembo DP. Zikapezeka, mfutiyo inapatulidwa kuti ikhale yophunzitsira perete basi, ndipo siyenera kuwombedwa konse. FTR yokha si yoopsa, ikungonena kuti inakonzedwanso kufakitale.

Chachitatu ndi m'kati mwa mpope, ndipo kuno kwathu apa ndi pamene mfuti zambiri zimafera. Zipolopolo zakale za asilikali zinkasiya mchere m'kati, ndipo mchere ukakumana ndi chinyezi cha ku Mulanje, dzimbiri silichedwa. Chotsani bolt, ikani kapepala koyera pamalo pake kuti kabweze kuwala, musuzumire kuchokera kukamwa. Mpope wabwino umawala, ndipo mizere isanu yopotana imaoneka yakuthwa bwino. Wodwala umakhala wakuda ngati chumuni, wa timaenje ngati nthomba. Bulangete lija nalonso limasunga chinyezi, ichotsenimo lero lomwe.

Ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musaikwechese. Ndinaonapo No. 4 yathunthu, manambala onse ofanana, imene mwini wake anaipala ndi sandipepa kuti iwale, thabwa n'kulipaka vanishi wa mipando. Zidindo za pathabwa zinafufutika, mtundu wakuda wa chitsulo unachoka, ndipo mtengo unapita tsiku lomwelo. Kansalu kofewa ndi mafuta pang'ono a mfuti pachitsulo n'zokwanira. Thabwa la mfuti zimenezi linkapakidwa mafuta a linseed, osati china.

Ndikaphatikiza zonsezi, yanu ndi mfuti yosakira yotsika mtengo, osati ya wotolera. Kuti muone kusiyana kwake, fufuzani pa intaneti zotsatira za okushoni ya Holts ku England, muyerekeze SMLE yathunthu ndi yodulidwa. Muziyang'ana ndalama zimene inagulidwa, osati zimene wogulitsa ankafuna. Zimene zimakwera kwenikweni ndi monga No. 4 (T) ya akatswiri owombera patali yokhala ndi galasi lake lenileni loonera patali, kapena No. 5 yaifupi ya 1944 mpaka 1947, ndipo chifukwa cha mtengowo zabodza zake nazo n'zambiri. Mitengo ya kunjayi musaiwerengere ngati yanu, chifukwa kutumiza mfuti kunja kumafuna zilolezo za mayiko onse awiri, ndipo zolipira zake zikhoza kuposa mfutiyo.

M'kalata yanu simunatchule za laisensi. Ngakhale bambo anali nayo, inali ya dzina lawo, siisamukira kwa mwana payokha, ndipo kusunga kapena kugulitsa mfuti popanda chilolezo ndi mlandu waukulu pansi pa lamulo la mfuti la dziko lino. Fufuzani m'mapepala a malemu ngati muli laisensi yakale. Kenako pitani kupolisi ya kwanuko muli chimanjamanja, mutangotenga mapepalawo, kalata ya imfa ndi nambala ya mfuti, akakuuzeni okha mmene mfutiyo ifikire kumeneko. Musakwere nayo minibasi. Ngati m'bulangetemo munalinso zipolopolo zakale, mukazinene nthawi yomweyo ndipo musayese kuziwomba. Mukamaliza zimenezo, ndilembereninso mundiuze zimene mwaona mumpopemo ndi utali wake, tidzaone ngati n'koyenera kuibwezera thabwa lake.