Ndiwafotokozere bwanji za katemera wa malungo?

Funso: Ndine mlangizi wa zaumoyo ku Machinga. Amayi kusikelo akuti katemera wa malungo ngwabodza chifukwa ana obayidwa akudwalabe. Ndiwayankhe bwanji?

Yankho: Alangizi, amayiwo aona zoona, musawatsutse. Katemerayu, amene adayamba kuperekedwa m'Malawi, Ghana ndi Kenya mu 2019, amachepetsa malungo, makamaka aakulu aja opha ana, koma sawathetseratu. Muzinena zimenezi poyera tsiku loyamba lomwe. Ine kulonjeza zopitirira muyeso ndimakuopa kwambiri, chifukwa mwana mmodzi akangodwala, mudzi wonse umaleka kukumverani. Chingerezi cha m'mabuku muzichisiya ku ofesi. Auzeni kuti mwana amayamba ali ndi miyezi 5, abayidwe kanayi konse, ndipo azigonabe m'neti. Thupi likatentha, athamangire naye kuchipatala akayezedwe magazi.