Za kabuku kanga ndi ndodo ija

Asuweni, ndamva funso lanu loti kodi ndimalembamo chiyani m'kabuku kamene kanaoneka pachithunzi pafupi ndi ndodo yanga. Komatu ine ndimakudziwani kuyambira nthawi imene tinkalimbirana mango kwa agogo, ndipo simunafunsepo chinthu molunjika. Chakusowetsani mtendere ndi ndodoyo, ndipo mukuganiza kuti matenda anga a multiple sclerosis akula koma ndikukubisirani.

Taimani kaye. Mukuwakumbukira amalume a ku Kasungu, bambo anu aang'ono aja, ndi kope lawo la mvula? Mvula ikagwa ankatenga khasu n'kukakumba kuseri kwa nkhokwe kuti aone pamene chinyezi chalekeza, kenako ankalemba tsikulo ndi pensulo imene anaimangirira kukopelo ndi ulusi kuopa ana ngati inuyo. Chaka cha maliro chija… ayi, ndalakwitsa, chinali chaka chotsatira, mvula inagwa yamphamvu mu Okutobala ndipo mudzi wonse unathamangira kumunda ndi mbewu. Iwo anakhala pakhonde, anatsegula masamba a zaka zam'mbuyo, n'kunena kuti chimenechi n'chizimalupsa chabe. Azakhali anawanyanyala masiku atatu osawayankhula. Dzuwa linang'amba milungu ingapo, chimanga cha anzawo chinapserera, ndipo amene ankawaseka anabwera kudzapempha mbewu.

Tsono kabuku kanga kali ndi ntchito yomweyo. Mu multiple sclerosis chitetezo cha m'thupi chimawononga kachikuto ka mitsempha ya mu ubongo ndi ya mumsana, ndipo mtsempha wovulala kale umafooka thupi likatentha. Namwino wanga kuno ku Leeds, ku England, anandiuza kuti amati matenda abukanso pokhapokha chizindikiro chatsopano, kapena chakale chimene chakula, chikatha maola 24 kapena kuposerapo, munthu alibe malungo kapena matenda ena monga a m'chikhodzodzo. N'chifukwa chake ndimalemba tsiku, nthawi imene dzanzi layamba, mwendo wake, ngati diso likuona chimbuuzi, mmene ndinagonera, ndiponso nthawi imene zatha. Lachiwiri lapitali mwendo wamanzere unalemera nditasamba madzi otentha, koma pasanathe ola unamasuka. Ndikanadalira mutu wokha, mantha akanandiuza kuti zinatenga tsiku lonse.

Choncho… mverani bwino apa: chaka chino matendawa sanabukenso, ndipo ndodoyo ndimaitenga pa ulendo wautali basi, chifukwa kutopa kumandigwira masana. Sindikukubisirani kanthu, asuweni. Masamba onse kuyambira Januwale akusonyeza masiku ovuta apa ndi apo, koma palibe chimene chinadutsa maola 24. Mukawauze amayi mawu omwewa, kuti sizinakule, chifukwa ndikudziwa kuti ndi iwo anakutumani. Madzulo ano ndijambula tsamba la mwezi uno n'kukutumizirani kuti muwerenge nokha.