Yankho kwa aphunzitsi a ku Ntcheu pa za nkhalango za pa zilumba za mchenga

Aphunzitsi, mwafunsa kuti mitengo imamera ndi kukhalitsa bwanji pa zilumba zazitali, zopyapyala, za mchenga wokhawokha zimene zimatchinga gombe la nyanja yamchere. Funsoli ndi lomveka kwa ife a kuno ku Dedza ndi Ntcheu, chifukwa nyanja imene timaidziwa tikatsikira ku Mtakataka ilibe mchere, choncho mdani wamkulu wa mitengo imeneyi ana athu sanamuonepo.

Ine ndimaona kuti mutu wa nkhani yonse ndi madzi. Mitengoyi simwa madzi a m'nyanja ayi. Mvula ikagwa imalowa msanga mu mchenga, ndipo popeza madzi a mvula ndi opepuka kuposa amchere, amayandama pamwamba pa amcherewo pansi pa chilumbacho, osasakanikirana nawo kwenikweni. Ngati madzi abwinowo akwera mita imodzi kupitirira mlingo wa nyanja, ndiye kuti kunsi alowa mamita pafupifupi 40. Akumbutseni ana zimene amaona mu Okutobala mtsinje ukaphwa: mayi amafukula mchenga ndi manja, n'kudikira pang'ono, madzi n'kuyamba kudzadza m'kadzenjeko mpaka atunge ndi chikho. Mizu ya pa chilumba imamwa madzi obisika motero. Pa chilumba cha Bazaruto ku Mozambique, chomwe chili m'dera lotetezedwa kuyambira 1971, madziwa afika popanga nyanja zing'onozing'ono zopanda mchere kuseri kwa milu ya mchenga, ndipo muli ng'ona. Chilumba chikakhala chotambalala chimasunga madzi ambiri ndipo nkhalango imakula. Chikakhala chopyapyala kwambiri pamangomera udzu ndi zitsamba. Anthu akakumba zitsime zambiri n'kumapopa mosaleka, madzi amchere amakwera kuchokera kunsi, mitengo n'kuyamba kuuma chiimirire.

Mchere wina umabwera ndi mphepo. Mafunde akaswa pagombe, timadontho ta madzi timauluzika n'kukamata pa masamba, ndipo timawaula mphukira zonse zoyang'ana kunyanja. N'chifukwa chake zomera sizimera chisawawa. Kutsogolo kwenikweni kumakhala udzu wolimba ndi ziyangoyango zimene zimagwira mchenga wouluzika mpaka utaunjikana kukhala mulu wautali. Kuseri kwa muluwo kumabwera zitsamba zazifupi. Mitengo ikuluikulu imakhala kumbuyo, potetezeka. Nthambi zake zimakulira mbali imodzi yokha, pamwamba pa nkhalango n'kupendekeka bwinobwino ngati denga laudzu lofoleredwa ndi mmisiri. Aliyense amene anakwerapo phiri la Dedza n'kuona mitengo yapamwamba itaweramira kumene mphepo ikupita ali kale ndi chithunzi chake, kungoti kumeneko mchere ndiwo umadula. Ku America, m'nkhalango ya Buxton Woods pa chilumba cha Hatteras ndi pa chilumba cha Cumberland, mtengo wodziwika ndi live oak, wa masamba okhuthala, okutidwa ndi phula, amene salola mchere kulowa msanga. Nthambi za mitengo yoyandikana zimalukana n'kuphimba zomera zanthete za pansi pake. Apa ndi pamene ine ndimamva chisoni, chifukwa munthu akalambula msewu kapena malo omangapo nyumba ya alendo pakati pa nkhalango yotere, amaboola dengalo, ndipo mchere umalowa n'kupha ngakhale mitengo imene nkhwangwa sinaikhudze.

Za chonde ndi zochepa: mchenga susunga chakudya cha zomera, choncho nkhalango imadalira kanthaka kopyapyala ka masamba ake omwe akaola. Njere zambiri zimabwera ndi mbalame. Kumbali yoyang'ana kumtunda, kumene madzi ndi odekha ndipo kuli matope, m'mayiko otentha kumamera mitengo ya mtundu wina yotchedwa mangrove, imene imapirira madzi amchere, monga pa chilumba cha Inhaca pafupi ndi Maputo.

Musaiwale kuwauza kuti zilumbazi sizikhala malo amodzi. Namondwe akawomba, mafunde amakokolola mchenga wakutsogolo n'kukautaya kuseri, moti chilumba chimasendera kumtunda pang'onopang'ono, ndipo zitsa za nkhalango yakale zimadzaonekera pagombe. Ku Hatteras komweko, nsanja younikira zombo imene inamalizidwa mu 1870 anaisuntha mamita pafupifupi 880 mu 1999 chifukwa nyanja inali itaiyandikira kwambiri.

M'kalasi, tengani tambula yoonekera mkati, muthiremo madzi osungunulamo mchere wambiri kufika pakati. Ena opanda mchere muwapatse mtundu ndi tiyi, kenako muwatsanulire pang'onopang'ono kudzera pamsana pa supuni. Ana adzaona okha madzi ofiirawo atakhala pamwamba, amchere ali pansi.