Funsani Malume: Dziko la apulezidenti atatu

Mwezi watha, polemba za mavoti otsata zigawo, ndinatchulako dziko la Bosnia m'chiganizo chimodzi chokha. Chiganizocho chabala makalata. Ndasankhapo atatu.

Funso: Malume, ndamva kuti ku Bosnia kuli apulezidenti atatu nthawi imodzi, mtundu uliwonse ndi wake. Ngati n'zoona, bwanji ifenso osatengerako? Kumpoto wawo, pakati wawo, kummwera wawo, mikangano ya chisankho n'kutheratu. Mphunzitsi, Area 25.

N'zoona, aphunzitsi. Pampandowo pamakhala anthu atatu, m'Bosniak, m'Serb ndi m'Croat. Amasankhidwa kwa zaka zinayi, ndipo utcheya amasinthana miyezi isanu ndi itatu iliyonse. Koma musanayamikire mankhwala, yambani mwamva matenda amene anawaitanitsa.

Bosnia ndi dziko laling'ono la ku Ulaya, silikwana theka la Malawi. Kalembera wa 2013 anapeza anthu 3.5 miliyoni. Pa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 50 ndi ma Bosniak, ambiri mwa iwo Asilamu. 31 ndi ma Serb a mpingo wa Orthodox. 15 ndi ma Croat, Akatolika. Dzikoli linali m'chitaganya cha Yugoslavia, chimene Josip Broz Tito anachilamulira mpaka imfa yake mu Meyi 1980. Atapita mkuluyo chuma chinalowa pansi, ndipo andale anazindikira kuti mawu akuti "wakwathu" amakolola mavoti msanga kuposa kulonjeza ntchito. Slovenia ndi Croatia anatuluka m'chitaganyacho mu 1991. Bosnia inachita riferendamu pa 29 Febuluwale ndi 1 Malichi 1992. Ma Serb ambiri anainyanyala, otsalawo anavotera kuima paokha.

Masiku amenewo ndimawakumbukira bwino. Patangotha sabata, pa 8 Malichi, m'matchalitchi a Katolika kuno munawerengedwa kalata ya maepiskopi ija. Ndinali mnyamata, ndikukhala kwa achimwene anga ku Falls, ndipo usiku tinkatseka mawindo n'kutchera wailesi yakunja motsitsa mawu, kufuna kumva za kwathu kuno. Za Malawi ankangozikhudza pang'ono, kenaka Sarajevo, Sarajevo, usiku ndi usiku. Ife riferendamu yathu ya pa 14 Juni 1993 inatifikitsa ku chisankho. Iwo yawo inawafikitsa kumanda.

Mzinda wa Sarajevo, likulu la Bosnia, uli m'chigwa, mapiri mbali zonse. Asilikali a ma Serb a ku Bosnia, amene anatsala ndi zida zikuluzikulu za gulu lankhondo la Yugoslavia, anakhazika mizinga pamapiripo kuyambira Epulo 1992, ndipo mzindawo unatsekeredwa masiku 1,425. Madzi anadulidwa, magetsi chimodzimodzi. Amene munaimapo pamzere wa pakiyosiki ku Mtandire kapena ku Chinsapo, zigubu zili ndanda dzuwa lisanatuluke, ganizirani mzere womwewo, koma wina wabisala panyumba yosanja ndi mfuti, akusankha woti amugwetse. Anthu ankakatunga madzi pachitsime cha fakitale ya mowa. Nkhuni zitatha m'misewu, anayamba kusonkhera moto mipando ndi mabuku. Pa 5 Febuluwale 1994 bomba limodzi linagwera mumsika wa Markale n'kupha anthu 68. Chakudya ndi zipolopolo zina zinkalowera njira imene anakumba pansi pa bwalo la ndege, yotalika mamita pafupifupi 800, yoyendamo chowerama katundu ali kumsana. Pomwe nkhondo imatha n'kuti anthu pafupifupi 100,000 atafa m'dziko lonse, ndipo oposa 2 miliyoni atathawa m'makomo mwawo.

Apulezidenti atatu aja anabadwira pamenepo. Mu Novembala 1995 dziko la America linasonkhanitsa Alija Izetbegović wa Bosnia, Slobodan Milošević wa Serbia ndi Franjo Tuđman wa Croatia kumalo a asilikali ku Dayton, n'kuwasunga kumeneko masabata atatu mpaka atagwirizana. Anakasainira ku Paris pa 14 Disembala. Dziko linang'ambidwa pawiri: magawo 51 pa 100 a nthaka anapita kwa ma Bosniak ndi ma Croat, 49 anakhala Republika Srpska ya ma Serb. Mbali yoyambayo inadulidwanso m'zigawo khumi, chilichonse ndi nduna zake ndi nyumba yake ya malamulo. Mukawerenga onse, kuphatikizapo dera la Brčko ndi boma lalikulu, maboma alipo 14. Pamwamba pa onsewo pali mlendo wosankhidwa ndi maiko akunja, amamutcha High Representative, amene ali ndi mphamvu yoika lamulo ndi kuchotsa wandale pampando. Mbendera imene amakweza lero anawaikira ndi mlendoyo mu 1998. Nyimbo ya fuko ilibe mawu, amangoliza zoimbira, chifukwa mpaka pano sanagwirizane choti aimbe.

Mfuti zinaleka kulira, ndipo chimenecho sindichichepetsa. Ngakhale magulu ankhondo amene ankaphana anaphatikizidwa kukhala gulu limodzi kuyambira 2006. Koma taonani zimene dongosololi labala. Chitatha chisankho cha Okutobala 2010, panadutsa chaka chathunthu ndi miyezi boma lalikulu lisanapangidwe. Mu 2013 aphungu analephera kugwirizana za lamulo la manambala a unzika, moti makanda obadwa miyezi imeneyo analibe nambala, ndipo popanda nambala panalibe pasipoti, ngakhale kwa khanda lofunika kuthamangira nalo kuchipatala chakunja. Makolo anazinga nyumba ya malamulo ali ndi ana m'manja. M'matauni ena ana a ma Bosniak ndi a ma Croat amaphunzira pansi pa denga limodzi koma m'makalasi osiyana, mabuku a mbiri ya dziko osiyana. Ndipo amene sali wa mitundu itatuyo sangaime pa upulezidenti. Dervo Sejdić, wa mtundu wa Roma, ndi Jakob Finci, Myuda, anakasuma ku khothi la maufulu a anthu la ku Ulaya n'kupambana mu Disembala 2009, koma lamulo lija silinasinthe.

Tsono bwerani nazo kuno. Mchemwali wanga, Mchewa wa ku Dedza, anakwatiwa ndi bambo wa ku Rumphi. Ana awo anabadwira mu Lilongwe muno, Chitumbuka amangochimva agogo awo akabwera. Pulezidenti wawo akhala uti? Nanga Msena, Mtonga, Myao, Mngonde, adzavomera kuimiridwa ndi wina chifukwa choti mapu atero? Wandale amene mpando wake wachokera ku mtundu safunanso voti ya mnansi wa mtundu wina. Ntchito yake imakhala kuopseza akwawo kuti akapanda iyeyo atha. Ine, aphunzitsi, ndikukana. Mikangano ya chisankho imanditopetsa monga inu, koma bola kukangana ndi munthu amene akufunabe voti yanga.

Funso: Malume, anzanga amati nkhondo imeneyi inali ya Akhristu kupha Asilamu, basi. Ine ndine Msilamu ndipo zimandiwawa. Zinalidi choncho? Wokonza mafoni, Bwalo la Njobvu.

Kuwawa kwakoko n'komveka, mphwanga. Ambiri mwa anthu wamba amene anaphedwa anali ma Bosniak, ndipo mizikiti mazanamazana inagwetsedwa, kuphatikizapo Ferhadija wa ku Banja Luka, womangidwa mu 1579, umene anauphulitsa mu Meyi 1993. Zimenezo usalole wina azichepetse. Koma "basi" wa anzakoyo ndiye ndikutsutsana naye.

Mitundu itatuyi imamvana chiyankhulo popanda womasulira. Chimene chinawasiyanitsa ndi maufumu amene anadutsapo. Ma Ottoman a ku Turkey analanda Bosnia mu 1463 n'kulamulira zaka zoposa 400, ndipo m'nthawi imeneyo ambiri analowa Chisilamu. Mu 1878 kunabwera Austria-Hungary. Ndipo apa mbiri yawo imakumana ndi yathu: pa 28 Juni 1914 mnyamata wina, Gavrilo Princip, anawombera Franz Ferdinand, mlowam'malo wa mfumu ya Austria, mumsewu wa mu Sarajevo momwemo. Pofika Sepitembala chaka chomwecho mfuti zinali kulira ku Karonga, makolo athu akugwidwa utengatenga, ndipo mu Novembala John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Ukamadutsa pa nsanja ya chikumbutso cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse ija pafupi ndi Area 18, dziwa kuti moto wake unayakira mumzinda womwe tikukambawu.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mitunduyi inaphana koopsa, ma Ustaše a ku Croatia kupha ma Serb, ma Chetnik a ma Serb kupha Asilamu. Komabe pambuyo pake anakhala limodzi zaka zoposa 40, kukwatirana, kumwa khofi pakhonde limodzi, kuyenderana pa Eid ndi pa Khirisimasi. Mu 1984 Sarajevo inalandira masewero a Olympic a nyengo yozizira. Amene anafukula mabala akale pa wailesi ndi pa kanema anali andale ofuna nthaka ndi mipando, monga Radovan Karadžić, mtsogoleri wa ma Serb a ku Bosnia. Chipembedzo chinali chizindikiro chodziwira woti achotsedwe pamudzi. Mmodzi wa akuluakulu a asilikali amene anateteza Sarajevo, Jovan Divjak, anali m'Serb. Mlatho wakale wa ku Mostar, womangidwa mu 1566, anaugwetsa ndi asilikali a ma Croat pa 9 Novembala 1993, nthawi imene ankamenyana ndi ma Bosniak omwe poyamba anali nawo mbali imodzi. Ndipo khothi la United Nations lozenga milandu ya nkhondoyi ku The Hague linamanganso anthu a mbali ya boma la Bosnia chifukwa chozunza akaidi a chi Serb ku Čelebići. Anzakowo uwauze zonsezi, osati chidutswa.

Funso: Malume, mwana wanga ndi msilikali ndipo anapitako ku Congo kukasungitsa mtendere. Ndinamva kuti ku Bosnia asilikali a United Nations anangoyang'ana anthu akuphedwa. Zinatheka bwanji? Mayi wa ku Kawale.

Mayi, mukunena za Srebrenica. Mu Epulo 1993 bungwe la United Nations linalengeza kuti tauni imeneyi ndi malo otetezedwa, ndipo anthu othawa m'midzi anadzazamo pokhulupirira mawuwo. Mu Julayi 1995 oilondera anali asilikali a ku Netherlands mazana ochepa okha, a mfuti zing'onozing'ono, mafuta a galimoto atawathera chifukwa ma Serb ankatsekereza katundu wawo panjira. Anapempha ndege zankhondo. Zinabwera mochedwa, zochepa, n'kubwerera ma Serb ataopseza kupha asilikali a ku Netherlands amene anawagwira. Pa 11 Julayi Ratko Mladić, mkulu wa asilikali a ma Serb a ku Bosnia, analowa m'tauniyo.

Anthu zikwizikwi anathamangira kumsasa wa asilikali aja ku Potočari. Pamenepo, pamaso pa asilikali a United Nations ovala zipewa zabuluu, amuna ndi anyamata anapatulidwa, amayi ndi ana aang'ono n'kukwezedwa mabasi. Amuna ena masauzande anayesa kudzera m'nkhalango kulowera ku Tuzla, ambiri n'kugwidwa panjira. M'masiku ochepa oposa 8,000 anaphedwa, m'masukulu, m'nyumba zosungira katundu, m'minda. Patapita miyezi ophawo anabwerera ndi makatapila kukafukula mitembo n'kukaikwirira kwina kuti abise umboni, n'chifukwa chake mafupa a munthu mmodzi amapezeka m'maenje awiri kapena atatu.

Chinalakwika sichinali mantha a mnyamata wa pageti yekha ayi. Akuluakulu a maiko analonjeza chitetezo koma sanatumize anthu ndi zida zokwanira, ndipo analamula asilikali kusungitsa mtendere pamalo pamene mtenderewo panalibe. Mu 1999 Kofi Annan anatulutsa lipoti lovomereza kuti bungwe lake linalephera. Mu 2002 boma la Netherlands linatula pansi udindo chifukwa cha nkhani yomweyi. Karadžić, amene anabisala zaka zambiri atasunga ndevu n'kumadzitcha sing'anga, anagwidwa ku Belgrade mu 2008. Mladić anagwidwa mu 2011. Onse awiri anapezeka olakwa pa mlandu wofuna kufafaniza mtundu wa anthu, ndipo anawalamula kukhala m'ndende moyo wawo wonse.

Za mwana wanu, mayi: gulu lapadera limene United Nations inakhazikitsa ku Congo mu 2013, la asilikali a Malawi, Tanzania ndi South Africa, linapatsidwa chilolezo choyamba ilo kuthira nkhondo zigawenga, osadikira kuwomberedwa. Chimenecho a ku Srebrenica analibe. Chilolezochi chimateteza anthu wamba, koma chimaika ana athu patsogolo penipeni pa moto, ndipo mabokosi okutidwa mbendera tawalandirapo pa bwalo la ndege la Kamuzu. Nkhawa yanu ndaimva, ndipo sindikuuzani kuti ilibe maziko.

Ku Potočari, moyang'anizana ndi msasa uja, lero kuli manda a miyala yoyera yoposa 6,000. Chaka chilichonse pa 11 Julayi amaika m'manda amene mafupa awo azindikiridwa poyeza DNA, m'mabokosi obiriwira. Alipo amayi amene anadikira zaka zoposa makumi awiri kuti thupi la mwana lipezeke lathunthu, kenaka poona kuti akukalamba anavomera kuika mafupa awiri kapena atatu amene anapezekawo.