Matayala a njinga yamoto yooneka yachikale: saizi isasinthe, mphira ukhale wamakono

Achimwene, mwafunsa kuti njinga yanu ija ya maonekedwe achikale, ya masipoko, ya malimu a mainchi 19 kutsogolo ndi 18 kumbuyo, muiveke matayala anji popeza amene inabwera nawo asalala. Mwati mumayenda kwambiri pa phula, mvula kaya dzuwa, koma mtima wanu uli pa matayala a mizere yokhotakhota ngati a zaka za m'ma 1950, ndiponso mukufuna la kumbuyo likhale lonenepa kuti njinga ioneke yadzitho. Langizo langa ndi lakuti saizi muisiye mmene anaiikira opanga njingayo, mugule matayala amakono amene anangowapatsa nkhope yachikale, ndipo machubu alowenso atsopano tsiku lomwelo.

Poyamba werengani zolembedwa m'mbali mwa tayala lakalelo, kenako muyerekeze ndi buku la njingayo. Tayala lokha musalikhulupirire, mwina amene anali nayo kale anaikapo lolakwika. Mukaona 100/90-19 57H, 100 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 90 ndiye kuti kutalika kwa khoma lake ndi 90 peresenti ya kutambalalako, ndipo 19 ndi kukula kwa limu m'mainchi. Nambala 57 ikunena katundu amene tayalalo lingasenze, makilogalamu 230. Ikakhala 62 ndi 265, 65 ndi 290. Chilembo H ndi liwiro, makilomita 210 pa ola. P ndi 150, S ndi 180, V ndi 240. Pa katundu ndi liwiro mukhoza kugula lapamwamba kuposa zimene buku lanena, koma osatsika, makamaka ngati mumakweza munthu kumbuyo. Ngati saizi yanu inalembedwa m'mainchi, monga 3.25-19 kapena 4.00-18, funani yomweyo chifukwa akupangabe. Ikasowa, 3.25 imayandikana ndi 90/90 kapena 100/90, ndipo 4.00 ndi 110/90, koma makampani amasiyana pang'ono, ndiye muone tebulo la kampani ya tayalalo.

Za kunenepetsa la kumbuyo, ndikukuletsani. Limu ili ndi kutambalala kwake, ndipo nambala yake inadindidwa pa limu pomwepo, monga 2.15 x 18. Mukakakamiza tayala la 140 pa limu yopangira 110 kapena 120, m'mbali mwake mumapanikizika, msana wa tayala umatumphuka, ndipo mbali yogunda pansi imachepa m'malo mokula. Zotsatira zake: pakati pamatha msanga, njinga imagwera mwadzidzidzi mukamalowa pakona, ndipo mphira wa m'mphepete suugwiritsa ntchito n'komwe. Palinso nkhani ya mpata. Tayala likatentha ndi kuthamanga limakula pang'ono, tsono limene likuoneka kuti likudutsa bwino njinga itaima likhoza kumakhula tcheni, madigadi kapena chitsulo chogwira wilo. Njinga za mtundu umenewu mphamvu zake n'zochepa, sizifuna tayala lalikulu. Lopyapyala ndi limene limazichititsa kupepuka pokhota.

Nanga a mizere yokhotakhota aja? Kukongola n'kokongoladi, palibe angatsutse. Koma msana wake ndi wophwatalala, khoma lake ndi lalitali, ndipo mizereyo imayenda mozungulira tayala, sikankhira madzi kunja bwino ngati ngalande zopendekeka za matayala a masiku ano. Pa phula lonyowa, pomanga buleki kapena popendeka, amataya msanga. Amakondanso kutsatira ming'alu ya msewu, chiwongolero n'kumagwedezeka m'manja. Ndi abwino kwa njinga yokaonetsa kapena yoyenda pang'onopang'ono kukacha bwino. Inu mwati mumayenda ngakhale mvula, choncho si anu.

Amene ndingakuuzeni kuti muwayang'ane ndi Bridgestone Battlax BT46, Michelin Road Classic ndi Avon Roadrider MKII. Onse atatu amapezeka m'masaizi a 18 ndi 19, anapangidwira njinga zoterezi, ndipo pa mvula ali kutali kwambiri ndi matayala akale. Chinsinsi chagona pa kasakanizidwe ka mphira: ambiri amakono amathiramo silika, amene amathandiza tayala kugwira pansi ponyowa ngakhale lisanatenthe. Mukakhala kuti maonekedwe akukupwetekanibe mtima, Dunlop TT100 GP ndiye pakati mpakati. Mizere yake inachokera ku tayala limene linatchuka pa mpikisano wa njinga zamoto wa pa chilumba cha Isle of Man mu 1969, koma mphira wake ndi wamakono. Dunlop K70 ndi wachikale kwambiri pa maonekedwe ndipo amapirira msewu wa miyala pang'ono, ngakhale pa phula lonyowa safika pa atatu oyamba aja. Matayala a zibuma monga Heidenau K60 Scout muwaganizire pokhapokha ngati gawo lalikulu la ulendo wanu ndi fumbi ndi matope. Pa phula amalira ndipo amanjenjemeretsa njinga. Ine ndikanati BT46 kapena Road Classic, malinga ndi amene ali ndi saizi zanu zonse ziwiri.

Mawu akuti zonse ziwiri ndawanena dala. Kutsogolo ndi kumbuyo akhale a kampani imodzi, mtundu umodzi, chifukwa misana yake anaipanga kuti izipendekera limodzi. Onaninso kapangidwe ka m'kati. Pa saizi pakakhala chilembo R, monga 150/70 R17, ndi radial, la nsalu za m'kati zodutsa molunjika kuchoka m'mbali imodzi kufika ku ina; pakakhala kamzere chabe kapena B, ndi la nsalu zopingasana, lomwe ndi la njinga zambiri za masipoko. Pali njinga zina, monga Triumph Bonneville T100, zimene zimachoka ku fakitale ndi radial kumbuyo kokha, koma zimenezo anaziyesa eniake. Inu musasakanize mwa nzeru zanu, ndipo radial kutsogolo ndi la nsalu zopingasana kumbuyo musayerekeze n'komwe.

Tsopano machubu, pamene anthu ambiri amaumira n'kudzalira pambuyo pake. Limu ya masipoko ili ndi mabowo, sisunga mpweya, choncho chubu n'chofunika ngakhale tayala litalembedwa TL kapena Tubeless. Makampani ambiri amalola kuika chubu m'tayala lotere, koma muone zimene kampani ya tayala lanu yanena, ndipo mudziwe kuti chubu chimawonjezera kutentha, n'chifukwa chake ambiri amati muziwerenga ngati liwiro la tayalalo latsika ndi chilembo chimodzi. Chubu chakale chinatanuka kale, chikalowa m'tayala latsopano chimapindika, ndipo popindikapo ndi pamene chimadzang'ambika muli pa liwiro. Gulani cha saizi yake, osati zochindikala kwambiri zija za njinga za m'tchire, chifukwa pa phula zimatentha. Sinthaninso lamba wa mphira wophimba mitu ya masipoko m'kati mwa limu. Tayala likachoka, uwu ndi mwayi wopala dzimbiri m'kati mwa limu ndi kugogoda sipoko iliyonse ndi sipanala: yomangika bwino imalira ngwee, yomasuka imangoti phu.

Musanalipire, funani manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo DOT zolembedwa m'mbali mwa tayala. Akakhala 2323 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2023. Mphira umauma ngakhale tayala lisanagunde pansi, ndipo masaizi achikalewa amakonda kukhalitsa pa shelefu. La chaka chimodzi kapena ziwiri lilibe vuto ngati linasungidwa pamthunzi. Likapitirira zaka zisanu muziliyang'anitsitsa, ndipo likakwana khumi lichotsedwe ngakhale mizere ikadalipo.

Poika, imani pafupi ndi makaniko. Muvi wa m'mbali uloze kumene wilo limazungulira. Matayala ena otha kuikidwa konsekonse ali ndi mivi iwiri, wa kutsogolo ndi wa kumbuyo, yolozerana kosiyana, ndipo apa anthu amasokoneza kawirikawiri. Kadontho ka utoto, ngati kalipo, nthawi zambiri kamayang'anizana ndi vavu. Chubu achipope pang'ono asanachilowetse kuti chitsulo chotsegulira chisachitsine. Akatha kupopa, tsatirani kamzere kozungulira m'mbali mwa tayala: katalikirane ndi limu mofanana ponseponse, mbali zonse ziwiri. Pena pakalowa m'kati ndiye kuti silinakhale bwino, ndipo wilo lizidumpha. Kanati ka pa vavu musakamangire pa limu mwamphamvu. Kasiyeni kumtunda, kuti tayala likayamba kusuntha pa limu muone vavu itapendekeka isanathothoke. Wilo alilinganize kulemera kwake, apo ayi chiwongolero chizinjenjemera mukafika pa liwiro, ndipo la kumbuyo likabwerera pamalo tcheni achimange molingana ndi buku, mawilo onse awiri ali pa mzere umodzi.

Makilomita 150 mpaka 200 oyamba yendani modekha. Tayala latsopano ndi loterera pamwamba, komanso msana wake wozungulira udzakudabwitsani mutazolowera lakale lophwatalala. Muzipendeka mowonjezera pang'onopang'ono, buleki osamanga mwadzidzidzi. Mpweya muziyeza ndi geji sabata iliyonse matayala ali ozizira, potsatira buku la njinga, osati nambala ya m'mbali mwa tayala, chifukwa imeneyo ndi yoyenderana ndi katundu wolemetsetsa amene lingasenze. Machubu amataya mpweya msanga kuposa matayala opanda chubu, ndipo mpweya wochepa ndi umene umatenthetsa tayala ndi kulidya mokumbika kutsogolo. Ngalande zikatsala mamilimita awiri yambani kufunafuna ena, musadikire kuti zifike pa timizere ta TWI, totumphuka m'kati mwa ngalandezo, tosonyeza kuti tayala latha.

Mutiuze dzina la njingayo, chaka chake, ndi manambala odindidwa pa malimu onse awiri, kuti tikuuzeni mwa matayala ndatchulawa amene ali ndi saizi zanu zenizeni.